Tranexamic acid ya 500 mg pa msambo wochuluka: imagwira ntchito, koma isakutsekeni maso

Mapiritsi awa ena amawadziwa ndi dzina la Cyklokapron, ena amagula opangidwa ndi makampani ena, makamaka a ku India, omwe mtengo wake umakhala wotsikirapo. Mankhwala ake ndi amodzi, tranexamic acid, 500 mg pa piritsi lililonse. Maganizo athu tinene msanga: pa mankhwala onse akumwa opanda mahomoni, awa ndiwo amachepetsa bwino magazi a msambo, ndipo mayi amene akufuna kutenga pakati atha kuwagwiritsa ntchito. Koma ambiri amawamwa moperewera nkunena kuti sagwira, ndipo kwa omwe awagwirira, nthawi zambiri nkhani imathera pomwepo, osafufuzanso chimene chikuchulukitsa magaziwo. Vuto lachiwirili ndilo limatidetsa nkhawa kwambiri.

Poyamba tigwirizane kuti msambo wochuluka ndi uti, popeza mayi aliyense amadziyerekeza ndi amayi ake kapena achemwali ake, ndipo ngati onse pamtundupo amataya magazi ambiri, aliyense amangoti ndi mmene tilili kwathu. Mayi wabwinobwino amataya magazi okwana 30 mpaka 40 ml pa msambo wonse. Akapitirira 80 ml, omwe ndi ngati masipuni akuluakulu asanu, ndiye kuti achuluka. Palibe amene amayeza ndi sipuni, choncho yang'anani izi: kusamba masiku oposa 7, padi kapena nyanda kudzaza pasanathe maola awiri, kuphatikiza mapadi awiri nthawi imodzi, kudzuka usiku kukasintha, kuthimbiriritsa zofunda ndi chitenje, kapena kutuluka nthuli za magazi oundana zazikulu kuposa chitsekerero cha botolo la Fanta. Amene akufuna nambala yoti aonetse dokotala alembe pa pepala tsiku ndi tsiku: padi yodetsedwa pang'ono ndi 1, yonyowa theka ndi 5, yodzaziratu ndi 20, kanthuli kakang'ono ndi 1, nthuli yaikulu ndi 5. Mukaphatikiza zonse pa msambo umodzi nkupeza 100 kapena kuposa, magaziwo achuluka. Pepala lomweli ndilo lidzakuuzeni ngati mapiritsi akugwira.

Mmene amagwirira ntchito

Magazi akamaundana pa kamtsempha kotseguka, thupi limaluka ulusi wotchedwa fibrin womwe umatseka pabalapo. Thupi lomwelo lili ndi china chotchedwa plasmin chomwe ntchito yake ndi kudula ulusiwo ukatha ntchito. M'chiberekero mphamvu yodulayi ndi yaikulu mwachibadwa, nchifukwa chake magazi a msambo amatuluka ali amadzimadzi, ndipo mwa amayi otaya magazi ambiri imakhala yonyanya. Tranexamic acid imatchinga plasmin kuti isagwire ulusi uja, motero chotsekacho chimakhalitsa. Siipanga magazi oundana atsopano, imangoteteza omwe thupi lapanga kale. Anaitulukira ndi Utako Okamoto pamodzi ndi mwamuna wake Shosuke Okamoto ku Japan mu 1962, ndipo cholinga chawo chinali kupulumutsa amayi otaya magazi pobereka. Azamba amaidziwa ngati jakisoni: kafukufuku wa WOMAN wa mu 2017, wa amayi oposa 20,000, anaonetsa kuti kubaya 1 g mu mtsempha pasanathe maola atatu mwana atabadwa kumachepetsa imfa zobwera ndi kutaya magazi, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalimbikitsa njirayi chaka chomwecho. Mapiritsi omwe tikukamba pano ndi mankhwala omwewo.

Pa msambo, amachepetsa magazi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, kwa ena mpaka theka. Sathetsa msambo, sakonza masiku osokonekera, saletsa mimba, ndipo pa cham'mimba sathandiza kwenikweni. Amene akuyembekeza kuti magazi angoima adzakhumudwa.

Kamwedwe, ndi pomwe anthu amalakwitsa

Mlingo wa munthu wamkulu ndi mapiritsi awiri a 500 mg katatu patsiku, kuyambira tsiku lomwe magazi ayamba, kwa masiku atatu kapena anayi. Ndiye kuti mapiritsi 6 patsiku, 24 pa masiku anayi. Magazi akanyanya dokotala atha kukweza mpaka 8 patsiku, omwe ndi 4 g, ndipo awa ndiwo malire. Ku America amagulitsa a 650 mg otchedwa Lysteda, omwe amamwedwa awiri katatu patsiku mpaka masiku asanu. Mukapeza amenewa musasokoneze milingo. Mutha kumwa mutadya kapena musanadye, koma omwe amachita nseru amwe atadya.

Cholakwika chachikulu ndi kumwa piritsi limodzi kawiri patsiku. Zimachitika chifukwa cha ndalama: munthu wagula mapiritsi 10 ndipo akufuna amukwanire msambo wonse. Koma mankhwalawa sakhalitsa m'thupi. Pa piritsi lomwe mwamwa, ochepera theka ndiwo amalowa m'magazi, ndipo impso zimawatulutsa mu mkodzo mofulumira, kotero kuti pakangopita maola awiri kapena atatu theka limakhala latha. Mukatalikitsa nthawi, plasmin imapeza mpata nkudula zomwe zinatsekedwa. Ngati ndalama zili zochepa, ndi bwino kumwa mlingo wathunthu pa masiku awiri omwe magazi amachuluka kwambiri kusiyana ndi kumwaza mapiritsiwo pa sabata yonse. Gawani nthawi mofanana, mwachitsanzo 6 koloko m'mawa, 2 koloko masana ndi 10 koloko usiku. Wa usikuwo ndi womwe umaiwalika, chonsecho ndi womwe umateteza zofunda.

Cholakwika china ndi kuyamba mochedwa, tsiku lachitatu, magazi ochuluka atapita kale. Enanso amayamba msambo usanafike, kapena kumwa mwezi wonse ngati mapiritsi olera, zomwe sizithandiza kanthu. Mukayesa bwinobwino miyezi itatu, pepala lanu lija osaonetsa kusintha, bwererani kuchipatala, musakweze mlingo panokha.

Zovuta zomwe amabweretsa kwa ambiri ndi zazing'ono: nseru, kusanza, kutsegula m'mimba, mutu. Zimachepa mukatsitsa mlingo. Koma pali omwe sayenera kumwa konse: amene anaundanapo magazi mu mtsempha wa mwendo kapena m'mapapo, amene anadwalapo sitiroko, ndi amene impso zawo zawonongeka kwambiri. Wodwala impso pang'ono amafunika mlingo wotsika, wa khunyu afunse dokotala kaye. Mukayamba kuona mitundu ya zinthu mosintha, mwendo umodzi ukatupa nkumapweteka, kapena mukamva kubanika ndi kupweteka pachifuwa, siyani kumwa nkuthamangira kuchipatala. Kuwaphatikiza ndi mapiritsi olera okhala ndi mahomoni a estrogen monga Microgynon kumafunika chilolezo cha dokotala, makamaka kwa mayi wonenepa kwambiri, wosuta fodya, kapena wopitirira zaka 35.

Chenjezo lina limakhudza kwambiri madera a kunyanja ndi kumadimba komwe likodzo ndi lofala. Munthu amene akukodza magazi asamwe mankhwalawa asanaunikidwe, chifukwa magazi atha kuundana mu njira yochokera ku impso nkutseka mkodzo. Likodzo limathanso kugwira njira ya abambo ndi khomo la chiberekero nkumatulutsa magazi, ndipo mankhwala ake ndi praziquantel, osati awa.

Ku Britain mapiritsiwa amagulitsidwa m'famasi popanda kalata ya dokotala, koma kwa amayi a zaka 18 mpaka 45 okha omwe msambo wawo umabwera mu nthawi yake, pakati pa masiku 21 ndi 35. Lamulo limeneli ndi lanzeru kulitsata kulikonse. Magazi otuluka pakati pa misambo, otuluka mukagonana, kapena otuluka mwa mayi amene anasiya kale kusamba si a tranexamic acid. Khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka kwambiri ku Malawi kuno, ndipo kuphimba chizindikiro chake ndi mapiritsi ndi kutaya miyezi yomwe ikanapulumutsa moyo. Msambo ukachedwa kenako nkubwera wochuluka ndi kupweteka, yezetsani mimba kaye: kutha kukhala kupita padera kapena mimba yokhala kunja kwa chiberekero.

Nthenda yomwe imabisala kuseri

Apa ndi pomwe tikufuna tikhalitse. Pa amayi 100 otaya magazi ambiri pa msambo, pafupifupi 13 amakhala ndi nthenda ya von Willebrand, ndipo mwa atsikana omwe vutoli linayamba pa msambo woyamba weniweni mwayi woti pali nthenda ya magazi ndi waukulu. Iyi ndiyo nthenda yotengera ku makolo yosokoneza kuundana kwa magazi yofala kuposa zonse, ndipo imagwira amuna ndi akazi mofanana, kungoti mwamuna atha kukhala zaka zambiri osavulala pomwe mkazi amayesedwa mwezi ndi mwezi. Dokotala wa ku Finland, Erik von Willebrand, anaifotokoza mu 1926 atafufuza banja lina la ku zilumba za Åland, ndipo mtsikana woyamba amene anamuona anadzamwalira ndi magazi pa msambo wake wachinayi.

Chimene chimaperewera ndi puloteni yomwe ili ngati guluu womatira pabala ma platelet, timaselo ta m'magazi toletsa magazi kutuluka, yomwenso imanyamula ndi kuteteza factor VIII, puloteni ina yothandiza magazi kuundana. Nthendayi ili ndi mitundu itatu: mu mtundu woyamba, womwe uli ndi odwala ambiri, puloteniyi imangokhala yochepa. Mu mtundu wachiwiri ilipo koma siigwira bwino. Mu wachitatu, womwe ndi wosowa komanso woopsa, palibiretu. Palinso zina zofanana nazo: amayi onyamula haemophilia (nthenda ina yotengera ya magazi ochedwa kuundana), omwe anthu amaganiza kuti amangopatsira ana aamuna chonsecho ena mwa iwo amakhala ndi factor VIII kapena inzake factor IX yochepa; ma platelet osagwira bwino ntchito; ma platelet ochepa chifukwa cha HIV, malungo kapena chitetezo cha thupi chomwe chikuwawononga; matenda a chiwindi; ndi mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin omwe amamwa omwe anaikidwa valavu ya mtima.

Tranexamic acid imathandiza pafupifupi onsewa, kupatula kuti wakumwa warfarin asaiyambe popanda dokotala wake. Ubwino umenewu ndiwonso msampha. Msambo ukachepa, mayi ndi dokotala onse amapuma, ndipo nthendayo imadzaonekera tsiku lochotsa dzino, la opareshoni kapena la kubereka, pomwe palibe amene anakonzekera. Choncho aliyense amene akulemberedwa mapiritsiwa afunsidwe mafunso awa, ndipo ngati sanafunsidwe anene yekha. Kodi msambo unali wochuluka chiyambire kutha msinkhu? Mumatuluka kamfuno pafupipafupi kapena kopitirira mphindi 10? Nkhama zimatuluka magazi mukamatsuka mano? Mumapezeka ndi mabanga akuda pakhungu musanadzigunde paliponse? Kabala kakang'ono ka mpeni kapena lezala kamachedwa kuuma? Munataya magazi ambiri mutazulitsa dzino, mutabereka kapena mutapita padera? Munaikidwapo magazi? Nanga kumtundu kwanu alipo wotere, kuphatikizapo mnyamata amene magazi anavuta kuleka atadulidwa? Yankho limodzi la inde pamwamba pa msambo wochuluka likukwana kuti mupemphe kuyezedwa.

Kuyezako kuli ndi misampha yake. Kumayamba ndi kuwerenga magazi onse kuti aone Hb, yomwe imaonetsa ngati magazi achepa, ndi ma platelet, kenako PT ndi aPTT, zoyeza nthawi yomwe magazi amatenga kuti aundane, komanso ferritin yoonetsa ayironi wosungidwa. Dziwani kuti PT, aPTT ndi ma platelet zonse zitha kutuluka zabwinobwino mwa munthu amene ali ndi von Willebrand ya mtundu woyamba, ndiye mawu akuti magazi anu ali bwino satseka nkhani. Pamafunika kuyeza kuchuluka kwa puloteni ija, mphamvu yake, ndi factor VIII. Izi sizichitika pa chipatala chaching'ono. Pemphani kalata yopita ku chipatala chachikulu monga Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu, komwe madokotala angakuuzeni komwe magaziwo angayezedwe. Mlingo wa puloteni ija wochepera 30 umatsimikiza nthendayi, ndipo wa pakati pa 30 ndi 50 umawerengedwa ngati munthuyo ali ndi mbiri yotaya magazi. Puloteniyi imakwera munthu akakhala ndi mantha, akathamanga, akamadwala malungo kapena matenda ena otentha thupi, akakhala woyembekezera, kapenanso akamamwa mapiritsi a estrogen, motero zotsatira zabwino kamodzi kokha sizokwanira ndipo kuyeza kumabwerezedwa. A gulu la magazi la O mwachibadwa amakhala ndi yotsikirapo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa anayi. Kwa a labu: magazi otengedwawo asaikidwe mu furiji kapena pa ayezi asanalekanitsidwe, chifukwa kuzizira kumatsitsa zotsatira monamiza, ndipo alekanitsidwe pasanathe maola anayi. Chosangalatsa nchakuti tranexamic acid siisintha zotsatirazi, simufunika kuisiya kuti muyezedwe.

Nthendayi ikapezeka ilembedwe pa tsamba loyamba la kabuku ka kuchipatala. Mayi wotere akakhala ndi pakati puloteni ija imakwera yokha nkumuteteza, koma imagwa msanga akangobereka, ndipo magazi atha kudzayamba patapita sabata imodzi kapena ziwiri ali kale kunyumba. Nchifukwa chake madokotala amamupatsa mapiritsi omwewa kuti azimwa masiku otsatira kubereka, ndipo saletsa kuyamwitsa. Pozula dzino, dokotala wa mano atha kukuuzani kusungunula piritsi la 500 mg m'madzi okwana 10 ml, kuvumata kwa mphindi ziwiri nkulavula, kanayi patsiku.

Kuyerekeza ndi njira zina

Ibuprofen, yomwe ambiri amaitcha bufeni, komanso mefenamic acid ndi diclofenac, zimachepetsako magazi a msambo ndiponso zimathetsa cham'mimba mwa mayi wopanda nthenda ya magazi, ngakhale sizifika pa tranexamic acid. Koma kwa amene ali ndi von Willebrand kapena vuto la ma platelet, mankhwala awa pamodzi ndi aspirin amafooketsa ma platelet nkuonjezera magazi. Mankhwala ena a mutu ogulitsidwa m'magolosale amakhala ndi aspirin mkati, werengani pa paketi. Wa nthenda ya magazi amwe Panado.

Yomwe imaposa tranexamic acid ndi lupu ya mahomoni monga Mirena, yokhala ndi levonorgestrel 52 mg. Imapyapyalitsa khungu la mkati mwa chiberekero ndipo pakatha chaka imachepetsa magazi ndi pafupifupi magawo 9 mwa 10, ena msambo umalekeratu. Imakhala zaka zisanu kapena kuposa, ndipo ndiyo njira yoyamba kwa amene sakufuna mwana posachedwa. Kuipa kwake ndi kudontha kwa magazi kosalongosoka pa miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyamba, komwe kumapangitsa ena kuichotsa isanayambe kuthandiza, komanso imatha kutuluka yokha ngati magazi achuluka kwambiri kapena muli zotupa zopotoza chiberekero. Pa miyezi yoyambayo mapiritsi athu aja amathandiza kudikira. Samalani ndi dzina loti lupu: ya kopa, yomwe ndiyo yofala ku zipatala za kulera, imachulukitsa msambo ndipo siyoyenera mayi wotaya kale magazi. Jakisoni wa Depo amaumitsa msambo kwa ambiri pakapita nthawi, pomwe Implanon ndi Jadelle sizidziwika mbali, zimatha kuchepetsa kapena kusokoneza.

Mankhwala ena, desmopressin, ndi a omwe atsimikizidwa kuti ali ndi von Willebrand, makamaka mtundu woyamba. Desmopressin imatulutsa puloteni ija yosungidwa m'mitsempha, koma imasunga madzi m'thupi, ndiye munthu amayenera kuchepetsa zakumwa kwa tsiku lathunthu kuopa kuti mchere wa m'magazi ungatsike mpaka kukomoka. Siigwira pa mtundu wachitatu ndipo ndi yoletsedwa pa mtundu wa 2B, womwe ndi nthambi ya mtundu wachiwiri. Zotupa za m'chiberekero zikakhala zazikulu, tranexamic acid imangochepetsa magazi, zotupazo siizikhudza.

Chomwe mapiritsiwa sangachite nkomwe ndi kubweza ayironi amene anatayika kale. Hb yochepera 12 mwa mayi wosayembekezera ndi kuchepa kwa magazi, koma ayironi amatha kale Hb isanatsike, ndipo zizindikiro zake ndi kutopa, chizungulire, mtima kuthamanga mukakwera kachitunda, tsitsi kuthothoka, ndi chilakolako chodya dothi kapena kutafuna ayezi. Piritsi la ferrous sulphate la 200 mg lili ndi ayironi 65 mg. Limodzi patsiku likukwana, ndipo amene limamuvuta m'mimba amwe modumphitsa tsiku. Musamwere tiyi, chifukwa tiyi amamanga ayironi. Siyani ola limodzi kapena awiri pakati, ndipo ndimu, bwemba kapena malambe zimathandiza kuti alowe bwino. Chimbudzi chakuda chisakuopseni. Hb ikabwerera m'malo pitirizani miyezi ina itatu kuti nkhokwe idzaze, ndipo komwe njoka za m'mimba ndi zofala imwaninso mankhwala ake.

Pogula, pitani ku famasi yovomerezeka ndi PMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala, onani mphamvu ya piritsi, tsiku lothera ntchito ndi nambala ya batch pa kapepala ka siliva, ndipo musalandire mapiritsi ongowerengeredwa m'kathumba kopanda dzina. Asungeni pouma, kutali ndi dzuwa, ndipo gulani a mwezi wotsatira msambo usanafike kuti tsiku loyamba lisakupezeni opanda kanthu. Ngati padi ikudzaza ola lililonse kwa maola awiri kapena atatu otsatizana, kapena mukuchita chizungulire mukaimirira, nthawi ya mapiritsi yadutsa: kumeneko nkofunika dripi, jakisoni wa mu mtsempha, ndipo mwina magazi.